Mphunzitsi Akaonjezera Maphunziro, Apindule Ndani?

Inu amene muli m'makoleji a zauphunzitsi, maso anu ali pa satifiketi yoyamba, ndipo nkoyenera kutero. Koma sipadzatha zaka zinayi mutayamba ntchito musanayambe kulingalira za yachiŵiri. Mudzamva kuti mnzanu uja munkagona naye chipinda chimodzi ali ku Domasi kuchita dipuloma, wina akuphunzira ndi Yunivesite ya Mzuzu ali pakhomo pake, winanso amuitana ku Nalikule. Maphunziro a anthu amene ali kale pantchito afala m'dziko muno, kwa aphunzitsi ngakhalenso kwa anamwino ndi ena otumikira m'zipatala. Maphunziro otere ngabwino, ndipo munthu amene angakuletseni kuŵafuna sakukufunirani zabwino. Komabe pali funso limene mphunzitsi ayenera kudzifunsa asanatumize kalata yopempha malo: kodi ndikadzalandira pepalali, ana amene ndikuŵaphunzitsa adzapindula chiyani?

Maganizo anga ndi akuti satifiketi imene munthu walandira ali pantchito iyenera kuyesedwa ndi zimene yasintha pantchitopo. Ikasintha malipiro okha, yathandiza banja limodzi. Ikasintha kaphunzitsidwe, yathandiza mudzi wonse. Ndipo ndikuona kuti monga zinthu zilili, maphunziro oonjezera a mphunzitsi wa pulaimale kaŵirikaŵiri amamtulutsa m'kalasi m'malo momubwezeramo atanoledwa. Madera akutali ndi tauni, monga Tsangano m'boma la Ntcheu, ndiwo amamva kuŵaŵa kwake.

Satifiketi yoyamba imakalamba

Tiyambe ndi kuvomereza kuti palibe koleji imene ingampatse munthu nzeru zomkwanira zaka makumi atatu. Chitsanzo chooneka bwino chili kuchipatala. Wothandiza dokotala amene adatsiriza maphunziro ake mu 1990 adaphunzira kuti mankhwala oyamba a malungo ndi chloroquine. Mu 1993 dziko la Malaŵi lidasiya chloroquine, popeza tizirombo ta malungo tidali titaleka kumva mankhwalawo, ndipo lidayamba kugwiritsa ntchito SP, amene ambiri amamdziŵa ndi dzina loti Fansidar. Mu 2007 SP nayenso adaloŵedwa m'malo ndi LA. Tsono munthu mmodzi yemweyo, asanafike msinkhu wopuma ntchito, adayenera kuphunzira katatu kachizidwe ka nthenda imodzi. Akadaumirira zimene adalemba m'kope lake la kukoleji, bwenzi akupereka mankhwala osachiza kwa mwana wotentha thupi.

M'kalasi zinthu zili chimodzimodzi, kungoti kulephera kwa mphunzitsi sikuoneka tsiku lomwelo. Silabasi ya pulaimale idasinthidwa kuyambira mu 2007. Mu 2016 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsira kuŵerenga m'makalasi oyambirira, imene imatsindika za maliwu a malembo mwana asanafike pa maphatikizo ndi pa mawu athunthu. Ana amene ali ndi ulumali, amene kale ankasiyidwa kunyumba, lero akukhala m'kalasi limodzi ndi anzawo, ndipo mphunzitsi ayenera kudziŵa chochita nawo. Mphunzitsi amene sadaonjezerepo kanthu chitulukireni m'koleji ali ngati uja wopereka chloroquine. Kusiyana kwake nkwakuti wodwala wake amadziŵika patapita zaka, pamene mwana wafika Sitandade 5 asakutha kuŵerenga ndime imodzi.

Chotero kufunika kwa kuphunzira uli pantchito sikokayikitsa. Chofunika kuchiona bwino ndi kumene maphunzirowo amamfikitsa munthu.

Njira iyi siyachilendo

Kuphunzitsa munthu amene ali kale pantchito sikudayambe dzulo kwathu kuno. Mu 1929 boma la atsamunda lidatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi. Kumeneko kunkapita aphunzitsi odziŵa kale ntchito, pamodzi ndi akazi awo. Amuna ankaphunzira kaphunzitsidwe ndi kayang'aniridwe ka sukulu za m'midzi, akazi nkumaphunzira zaukhondo ndi kasamalidwe ka ana. Akatsiriza ankabwerera kumadera kumene adachokera kukayendera sukulu ndi kuthandiza aphunzitsi anzawo. Sukuluyo idali ndi zofooka za nthaŵi yake, pakuti atsamunda sankafuna kuti mwini dziko aphunzire mozama. Koma mfundo imodzi adaigwira bwino, yakuti wopita kukaphunzira abwerere kumene adachoka.

Mu 1994, maphunziro a pulaimale atakhala aulere, chiŵerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita kukoleji, ndipo mu 1997 lidayamba pulogalamu ya MIITEP yoŵaphunzitsa ali pantchito. Ankakhala miyezi 3 kukoleji, miyezi 20 kusukulu kwawo akuphunzitsa ndi kuŵerenga mabuku oŵakonzera, kenaka mwezi umodzi kukolejinso kukabwereza ndi kulemba mayeso. Ofufuza amene adaiunika pulogalamuyi, monga Demis Kunje wa ku Chancellor College ndi anzake, adapeza kuti gawo lofooka lidali la kusukulu lija: aphunzitsi aakulu ndi alangizi sankakwanitsa kuŵayendera ophunzirawo monga zidalembedwera. Apa pali phunziro lakuti maphunziro a pantchito amaima kapena kugwa ndi zimene zikuchitika m'kalasi mwa wophunzirayo. Maola a m'holo ya koleji ndi ochepa kwambiri kuti asenze okha katundu yense.

Mu 1998 boma lidasandutsa malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education kukhala sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zija timati CDSS. Aphunzitsi ambiri a m'sukuluzi adali a pulaimale. Pofuna kuŵakonzekeretsa, Domasi College of Education, imene idatsegulidwa mu 1993, idayamba mu 2000 kupereka dipuloma kwa aphunzitsi ali pantchito, mothandizidwa ndi dziko la Canada. Ankabwera kukoleji pa tchuthi, sukulu zikatsegulidwa nkubwerera kukaphunzitsa. Palinso University Certificate in Education, imene ambiri amangoti UCE. Iyi ndi satifiketi ya munthu amene ali ndi digiri kale, kaya ya sayansi, ya zaulimi kapena ya zachuma, koma sadaphunzire kaphunzitsidwe. Kukhalapo kwake kumachitira umboni kuti kudziŵa phunziro ndi kudziŵa kuliphunzitsa ndi zinthu ziŵiri zosiyana.

Tsono taonani kumene makomo ameneŵa akuloza. Dipuloma ya ku Domasi ndi ya ku Nalikule, UCE, digiri ya zauphunzitsi ya ku Mzuzu: pafupifupi zonsezi zimakonzekeretsa munthu kukaphunzitsa ku sekondale. Ngakhale amene wachita digiri ya maphunziro a pulaimale kaŵirikaŵiri amakathera kukoleji kukaphunzitsa aphunzitsi, kapena ku ofesi. Makwerero alipo ndithu, koma adaŵatsamiza kunja kwa kalasi ya Sitandade 1. Mayi amene ali ndi mphatso yophunzitsa ana aang'ono kuŵerenga, akafuna kukwera, amayenera kusiya ntchito imene amaidziŵa koposa.

Mmene zimaonekera ku Tsangano

Tsangano ali pamwamba pa mapiri a Kirk Range, m'malire ndi dziko la Mozambique, kumene tsidya linalo kulinso boma la dzina lomwelo m'chigawo cha Tete. Ndi dera lozizira ndi la chifunga, lotchuka ndi mbatatesi, kabichi ndi tirigu. Zokolola zake zimadyedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma sukulu zake zina zili m'zitunda ndi m'zigwa zimene nthaŵi ya dzinja zimafikika movutika. Ena mwa inu mudzatumizidwa kudera limeneli kapena kwina konga kumeneku, pakuti kumidzi ndiko kumene aphunzitsi amasoŵa kwambiri.

Mphunzitsi wa kumeneko akafuna kuonjezera maphunziro amalipira zochuluka kuposa mnzake wa m'tauni. Kuti akafike ku Zomba, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ayenera kukwera njinga yamoto kapena galimoto ya mbatatesi mpaka pa msewu waukulu wa M1, kenaka minibasi. Kumeneko alipire malo ogona ndi chakudya, pamene banja lake likudya kunyumba pa malipiro omwewo. Akabwerera, ntchito zolemba zimafuna intaneti, intaneti imafuna mayunitsi, ndipo foni imafuna moto. Nyumba yoŵerengeramo mabuku ili kutali. Munthu amene wapirira zonsezi zaka zitatu, akalandira dipuloma yake amaona kuti wavutika mokwanira, ndipo amapempha kusamuka. Ndani angamdzudzule?

Koma tiŵerenge zimene sukulu yataya. Amene amapita kukaphunzira ndi mphunzitsi wakhama, uja wodzuka m'bandakucha, uja amene makolo adayamba kumkhulupirira. Iye akachoka, m'malo mwake mumabwera wina wongotuluka kumene m'koleji, amene nayenso adzachoka akangokhwima. Potero sukulu ya kumudzi imasanduka nazale: imameretsa mbande, zikakula nkukaokeredwa m'dimba la ena. Alimi a kabichi a ku Tsangano sangalole kuti ntchito yawo ikhale yongomeretsera anzawo mbande chaka ndi chaka, koma sukulu zawo zimachita zomwezo.

Palinso kutaya kwina kumene kumachitika mphunzitsi asanachoke nkomwe. Mapanga aŵiri avumbwitsa. Mphunzitsi amene ali ndi ntchito yotumiza kukoleji Lachisanu amayesedwa kuti apatse mwana mmodzi buku alembe pabolodi, iye nkukhala kumbuyo kwa kalasi akulemba zake. Akapita kukalemba mayeso pakati pa chigawo cha sukulu, ana ake amaphatikizidwa ndi a kalasi ina, ndipo mphunzitsi mmodzi amatsala ndi khamu limene sangathe ngakhale kuliitana maina. Sabata ziŵiri zotayika mu Sitandade 1 sizibwezeka msanga, pakuti m'mera mpoyamba. Satifiketi yopezedwa motere imalipiridwa ndi ana osadziŵa kuti akulipira.

Zimene tingaphunzire kwa anzathu a kuchipatala

Anzathu a zaumoyo ali ndi njira ina imene tiyenera kuiona. Mu 1985 dokotala wa mafupa, Edward Blair, adayambitsa ku Blantyre maphunziro a miyezi 18 a anthu amene adali kale pantchito yothandiza madokotala. Ankatengedwa m'zipatala, nkuphunzitsidwa kulunzanitsa mafupa othyoka, kuika chikhakha ndi kuchita maopaleshoni ena aang'ono, kenaka nkubwezedwa m'zipatala za m'maboma. Dziko lino lili ndi madokotala a mafupa oŵerengeka, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Chotero mnyamata akagwa pa njinga yamoto kumudzi nkuthyoka mwendo, amene amamthandiza pa chipatala cha m'boma kaŵirikaŵiri ndi munthu wa maphunziro otereŵa. Maphunzirowo sadamchotse pafupi ndi wodwala. Adamsiya pamalo pomwepo, koma tsopano akutha kuchita zimene kale zinkafuna ulendo wa ku Queen Elizabeth.

Chachiŵiri, namwino kapena wothandiza dokotala sangogwira ntchito ndi pepala lakale mpaka kukalamba. Mabungwe oŵayang'anira, Nurses and Midwives Council of Malawi ndi Medical Council of Malawi, amafuna umboni wakuti munthu wakhala akuphunzira asanampatsenso chilolezo chogwirira ntchito. Kwa iwo kuphunzira ndi mbali ya ntchito, monga kusamba m'manja. Kwa ife, Lamulo la Maphunziro la 2013 lidakhazikitsa Teachers Council of Malawi kuti lizilembetsa aphunzitsi ndi kuŵapatsa chilolezo. Njira yake ndi yomweyo, ndipo inu amene mukuloŵa ntchito tsopano muyembekezere kuti mudzafunsidwa zimene mwaphunzira chitulukireni m'koleji.

Sindikunena kuti kuchipatala zonse zili bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri ophunzira bwino adachoka kupita ku Britain ndi kumaiko ena, ndipo zipatala zidatsala m'manja mwa anthu ochepa. Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi maiko akunja, lidaonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu angapo a ogwira ntchito zaumoyo pofuna kuŵasunga. Izi zikutiphunzitsa kuti kumphunzitsa munthu ndi kumsunga ndi ntchito ziŵiri zoyenera kuyendera limodzi. Ukamphunzitsa osampatsa chifukwa chokhalira, pepala limene wampatsalo limasanduka chiphaso cha ulendo.

Pakati pathu aphunzitsi, chitsanzo chofanana ndi cha mafupa chija chilipo ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene aphunzitsi amene ali kale pantchito amaphunzira kuthandiza ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Wobwera kumeneko amabwerera kwa ana ali ndi luso limene sukulu yake idalibe. Maphunziro a mtundu umenewu ndiwo afunika kuchuluka.

Mawu otsutsa

Wina adzati: mphunzitsi ndi munthu, ali ndi ana ofuna fizi ndi makolo ofuna feteleza, bwanji mukumsenzetsa mlandu chifukwa chofuna kukwera? Mawu aŵa ngoona, ndipo sindikumsenzetsa mlandu. Kufuna malipiro abwino si tchimo, ndipo sekondale nayo ikusoŵa aphunzitsi oyenera. CDSS ya kumudzi imene yalandira mphunzitsi wa dipuloma yapindula. Cholakwika chili m'dongosolo limene limamuuza munthu kuti kukwera ndiko kuchoka. Komabe dongosolo likakhala lopotoka, munthu amatsalabe ndi zina zimene angasankhe yekha: maphunziro amene atenge, mmene asamalire kalasi yake pamene akuphunzira, ndi zimene asiye m'mbuyo tsiku lochoka.

Winanso adzati: mapepala ngachabe, mphunzitsi amakhwima ndi zaka. Ameneyu waona anthu a madigiri osatha kugwira choko, ndipo waona amayi a satifiketi yakale ya T3 amene ana awo onse ankaŵerenga pofika Sitandade 2. Koma zaka pazokha sizimnola munthu. Alipo amene wakhala zaka makumi aŵiri akubwereza chaka chake choyamba. Chimene maphunziro abwino amachita ndi kumpatsa mphunzitsi maso oonera ntchito yake: kuzindikira chifukwa chimene njira ina imagwirira ntchito ndi ina ayi, ndi kutha kufotokozera mnzake. Luso la amayi a T3 aja lidapita nawo pamene adapuma ntchito, chifukwa padalibe woŵathandiza kulilemba ndi kulisiyira ena.

Zimene inu mungachite

Choyamba, musafulumire. Phunzitsani zaka ziŵiri kapena zitatu kufikira mutadziŵa chimene chikukuvutani m'kalasi, ndipo vutolo ndilo likusankhireni maphunziro. Ngati ana anu akulephera kuphatikiza malembo, funani maphunziro a chiyankhulo ndi kaŵerengedwe. Ngati masamu ndiwo akugwetsa ana pa mayeso a Sitandade 8, funani a masamu. Wosankha maphunziro chifukwa choti ndiwo ali ndi malo, kapena chifukwa choti ngosavuta kukhoza, adzapeza pepala limene sakudziŵa chochita nalo.

Chachiŵiri, fufuzani sukulu musanalipire. Makoleji achuluka, ndipo ena amalengeza pa Facebook ndi pa wailesi kuti m'miyezi yochepa mudzakhala ndi dipuloma. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Bungwe la National Council for Higher Education, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limatulutsa maina a sukulu ndi maphunziro ovomerezeka. Onani ngati maphunziro enieniwo amene mukufuna ali pamndandanda, pakuti sukulu itha kukhala yovomerezeka pamene maphunziro ena a pasukulupo sali ovomerezeka. Funsaninso ku ofesi ya maphunziro ya m'boma ngati unduna umaŵerengera pepalalo, ndipo chilolezo chopitira kusukulu chikhale cholembedwa.

Chachitatu, konzani kalasi yanu musanakonze chikwama chanu. Khalani pansi ndi aphunzitsi aakulu, muŵaonetse masiku amene mudzachoke chigawo chonsecho. Siyani masikimu ndi mapulani olembedwa bwino, kuti wotsala ndi ana anu asangoŵaimbitsa nyimbo. Gwirizanani ndi mnzanu mmodzi kuti muzisinthana, inu mukachoka iye agwire, iye akachoka inu mugwire. Nthaŵi yanu yoŵerengera ikhale m'maŵa sukulu isanayambe, madzulo mutaŵeruka, ndi Loŵeruka. Maola a ana ndi a ana.

Chachinayi, chilichonse chimene mwaphunzira chiyeseni m'kalasi sabata yomweyo, ndipo ŵerengani zotsatira zake. Izi sizifuna chipangizo chodula. Poyamba chigawo, itanani ana mmodzimmodzi aŵerenge kandime kafupi kwa mphindi imodzi, inu nkulemba m'kope mawu amene aliyense waŵerenga molondola. Potsiriza chigawo chitaninso chimodzimodzi. Manambala aŵiriwo adzakuuzani zoona zimene satifiketi singakuuzeni. Mukaphunzira kuti masamu ayambire pa zimene mwana amadziŵa, ku Tsangano zitsanzo zili pakhomo: ndowa zingati za mbatatesi zimadzaza thumba, phindu latsala lotani mutachotsa ndalama ya feteleza ndi ya galimoto, kwacha zingati zikusinthidwa ndi metical pamsika wa m'malire. Mwana amene amathandiza amake kugulitsa tsiku la msika amadziŵa kale kuchotsera ndi kuchulukitsa. Chatsala nchakuti mumuonetse kuti ndi masamu omwewo ali m'buku.

Chachisanu, musadye nokha. Sukulu iliyonse ili mu zoni imene ili ndi malo ake okumanirako aphunzitsi, aja timati TDC, ndi mlangizi wake. Mukabwera kukoleji, pemphani theka la ola pamsonkhano wa aphunzitsi muonetse njira imodzi imene mwaiyesa kale ndi zimene idabala. Kumbukiraninso kuti pafupi nanu pali namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amene mwina nayenso akuŵerenga usiku monga inu. Ana amene inu mukuŵaona m'kalasi ndi omwewo amene iye amaŵaona kusikelo ndi kuchipatala. Mwana wosaona bwino pabolodi, wotuluka mafinya m'khutu, wogona m'kalasi chifukwa cha njala, mtsikana amene wayamba kujomba: zonsezi zili pakati pa ntchito yanu ndi yake. Mutu umodzi susenza denga. Aja a ku Jeanes adazindikira kale kuti sukulu ndi umoyo wa pamudzi siziyenda padera.

Chotsiriza, mukatsiriza maphunziro, khalani pasukulupo zaka zingapo musanapemphe kusamuka. Anzanu amene adasenza kalasi yanu pamene mudali kukoleji ali ndi gawo pa pepala lanu, ndipo ana amene adakusoŵani ali ndi gawo lalikulu koposa. Ngati mwaitanidwa ku sekondale, sankhani ya m'dera lomwelo ikakhalapo, kuti ana amene mudaŵaphunzitsa ali aang'ono adzakupezeninso mu Fomu 1.

Kwa amene amakonza dongosolo

Khama la mphunzitsi mmodzi silingaongole zonse. Pali zinthu zitatu zimene unduna ndi makoleji angachite. Pakhale masatifiketi aafupi, a chaka chimodzi, a ntchito zenizeni za ku pulaimale, monga kuphunzitsa kuŵerenga m'makalasi oyambirira, masamu, kuthandiza ana a ulumali ndi kuyendetsa sukulu. Ndipo woŵapata akwezedwe giredi ali m'kalasi momwemo. Maphunzirowo abwere pafupi ndi anthu, m'ma TDC ndi m'makoleji oyandikira monga St Joseph's ku Bembeke, pa nthaŵi ya tchuthi, kuti wa ku Tsangano asathere malipiro ake pa ulendo. Ndipo posankha opita kusukulu, wotumikira kumudzi ayambe ndiye, pa pangano lakuti adzabwerera ku zoni yake zaka zoŵerengeka. Ndalama yapadera ya aphunzitsi a kumidzi idasonyeza kuti boma limadziŵa kulemera kwa ntchito ya kumeneko. Mwayi wa maphunziro ungathe kusunga munthu kumudzi koposa ndalamayo, ngati njira yokwerera ili komweko.

Inu amene mukuŵerenga izi mudzafika pa mphambano imeneyi posachedwa. Pitani mukaphunzire, ndipo mukwere monga mmene mungathere. Koma sungani kope lija la manambala a ana anu. Tsiku limene mudzalandire satifiketi yachiŵiri, litsegulenso muone ngati ana amene adali m'manja mwanu zaka zimenezo akuŵerenga bwino kuposa amene mudaŵaphunzitsa musanapite. Ngati akutero, pepalalo mwalilandira moyenera. Ngati sakutero, maphunziro anu sanathe, ngakhale mwavala kale mkanjo.